Chinangwa Sichisambira

Amayi,

Kodi kumeneko mukukhalako bwanji? Kuno Nyuwere inadutsa sabata yatha, ndipo mvula ikugwa tsiku ndi tsiku. Kalata iyi ndi yachitatu. Ziwiri zoyamba ndang'amba chifukwa zinatuluka zaulemu kwambiri, ngati malipoti a ku ofesi. Iyi ndiisiya mmene itulukire. Ndakwiya, amayi, ndipo mmodzi mwa anthu amene ndawakwiyira ndinu.

Koma ndiyambe ndi nkhani zabwino, monga munkanenera kuti mlendo sumulonjera ndi mlandu. Mkazi wanga Esinati anachira bwino mu Okutobala, ndi mwana wamkazi. Tamupatsa dzina lanu, Elube. Chipumi ndi chanu, ndipo akamayamwa amakwinya nkhope mmene munkachitira polawa mchere m'ndiwo. Mpunga wa kudambo unachita bwino, mlongo wanga Dorika anakolola wokwanira. Denga la nyumba yanu linayamba kudontha, mlamu wanga wafolera. Mbuzi yanu ya mawanga ija inaswa ana awiri, koma mmodzi ng'ona inamutenga pa dooko. Tsiku lometa maliro anu ine anandimeta pomalizira, lumo litabuntha, ndipo palibe amene anandifunsa kuti ndayenda bwanji. Sindikudandaula. Ndikungokuuzani kuti mudziwe.

Zimene ndinachita mukuzidziwa, koma sindinazitchulepo ndi pakamwa panga, ndiye lero ndizilemba.

Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala mlangizi wa zaulimi ku Benga. Lamulo litabwera lakuti matutu onse asalazidwe, anthu azilima mizere yopingasa, mzungu wa ku ofesi kwathu anandifunsa kuti, "Nanga amayi ako amalima bwanji?" Funso lokhalo. Ine ndinalitenga, ndi kulitembenuza uku ndi uku masiku atatu, mpaka ndinaganiza kuti akundiyesa wokondera abale. Ndiye ndinayambira munda wanu wa ku Chia. Palibe anandituma kuti ndiyambire kwathu. Ndinadzituma ndekha, ndi mantha anga.

Ndinabwera pa njinga ya boma, ndi amesenjala awiri, zikhomo, ndi chingwe changa choyezera. Matutu anu, milu ya dothi ija munkaunga yofika m'mabondo, tinaisalaza yonse. Mizere yake inatuluka yokongola, mzere uliwonse ndinauyeza kawiri. Inu munaima pansi pa mtengo wa mango, nkungonena kamodzi: "Mwanawe, chinangwa sichisambira." Ine ndinakuyankhani ndi zimene ndinaphunzira kukoleji, za madzi okokolola nthaka. Munda wa padambo, wosalala ngati chikhatho, ukokoloke kupita kuti? Ndinkadziwa. Ndinakulira m'munda umenewo. Ndinkadziwa kuti Febuluwale akafika madzi a m'nyanja ya Chia amakwera, matutu nkutsala pamwamba ngati tizilumba, chinangwa chili gwa, chosanyowa.

Pamene ndakukwiyirani ndi apa. Titamaliza munabwera, nkugwada pamaso pa amesenjala aja, nkuwomba m'manja. "Zikomo, bwana." Kunena ine! Inu amene munandithamangitsa ndi mthiko mpaka m'madzi chifukwa ndinatola kausipa kamodzi pa thandala la eni ake. Bwanji simunanditukwane? Mpini wa khasu unali pomwepo, bwanji simunandimenye nawo? Bwenzi nditapeza poyambira kupepesa. Koma munandisandutsa mlendo. Kuyambira tsiku limenelo, ndikabwera munkandiyalira mphasa yatsopano, madzi munkandipatsira m'kapu ya alendo, ndi manja awiri. Munapita osandikalipira ngakhale kamodzi, ndipo chimenecho sindinakukhululukireni.

Madzi anakwera monga amakwerera. Anaima m'mizere yanga yokongola ija milungu yambiri, chinangwa chinaola, fungo lake linkamveka mpaka kunjira. Chaka chimenecho inu, amene simunapemphepo ufa pakhomo la munthu, munakasuma kumtunda, kusinthitsa usipa ndi makaka. Ndinakutumizirani thumba la chimanga. Munaligawira anansi lonse, osasiyako ndi chikho chomwe. Chifuwa chinakupezani muli wofooka kale. Akuchipatala anati ndi chifuwa basi, chimatenga okalamba ambiri nthawi yachisanu. Koma ine mukundidziwa, amayi. Chinthu sindichisiya ndisanapeze pomwe chinayambira, ndipo ichi ndikachitsata chimakathera pa chingwe changa.

Ndinayesa kukonza mmene ndimadziwira. Ndinalemba malipoti atatu kufotokoza kuti mizere ikumiza chinangwa m'minda ya m'mbali mwa Chia. Lachitatu linali la masamba asanu ndi limodzi, ndi zojambula zomwe, pakuti madzi ndinkawayeza ndi ndodo sabata iliyonse. Ndinkadziuza kuti mapepala akawerengedwa lamulo lisintha, ndiye munda wanu udzakhala kuti sunafe pachabe.

Khirisimasi isanafike anatiitana alangizi tonse ku ofesi kuti tikamve za ntchito ya chaka chatsopano. Pensulo yanga inagwa pansi. Powerama kuti ndiitole, ndinaona pepala lopindidwa kanayi pansi pa mwendo wa tebulo la mzungu uja. Analiika kuti tebulo lisamagwedezeke. Malembedwe ake anali anga. Linali lipoti lachitatu lija, pini ikadali pomwe ndinaibaya, masamba osatsegulidwa. Pamwamba pa tebulo lomwelo, limene tsopano linaima bwino chifukwa cha ine, iye ankawerenga mayina a anthu amene abwereranso ku matutu, oti Januwale uno akaonekere kubwalo la milandu. Dzina lachinayi linali la Dorika. Anakweza maso nkunena kuti, "Uyu ndi wako, eti? Ukamutenge wekha. Iwe ndiwe chitsanzo chabwino."

Mukudziwa chimene ndinayankha? "Zikomo, bwana." Mawu anu omwe aja anatuluka m'kamwa mwanga. Ndipo nditawamva, ndinadziwa mmene mtima wanu unalili tsiku lija munagwada.

Kunyumba ndinachita zanga zija. Ndinatenga pepala, ndi kulemba mbali iyi zimene nditaye ndikasiya ntchito: nyumba ya boma, sukulu ya ana anga, Yosefe ndi mng'ono wake, sopo wa khanda, ulemu wa kutchalitchi. Mbali inayo ndinalembako dzina limodzi lokha. Masiku anayi ndinkalitulutsa m'thumba ndi kulibwezamo. Tsiku lachisanu Esinati anandilanda, nkuyatsira moto. "Bambo a Yosefe, mapepala amene mwalemba angathe kufolera nyumba. Alamu anga mukufuna kuwapereka kapena ayi? Yankho lake silifuna pensulo."

Tsiku lomaliza la Disembala njinga ndinaitsuka, ndi kuithira mafuta, ndi kukaibweza pamodzi ndi pampu yake ndi sipanala, kuti asadzanene kuti panasowa kanthu. Kalata yosiyira ntchito inali ya mizere iwiri. Sindinalembepo chinthu chachifupi chotero m'moyo wanga, ndipo ndi chokhacho chimene mzungu uja anawerenga ine ndikuona. Chingwe sindinabweze, ndinagula ndekha.

Pa Nyuwere, anzathu akuvina malipenga ku Benga, ine ndinanyamula khasu ndi kuyenda wapansi mpaka ku Chia. Dorika ndinamupeza kumunda. Ndinamupempha mbewu ya chinangwa chanu chija chofiira nthambi. Paja inu munkati mbewu ya chinangwa saimana, ngakhale mfiti ikapempha umaipatsa. Koma Dorika anandimana. "Achimwene, mbewu ya amayi ndinaipulumutsa ndine. Mitengo isanu ndi iwiri yokha, madzi ali m'chiuno, inu muli pa njinga. Lero mwabwera kudzaiyeza?"

Ndinapita kumunsi kwa munda, kumene kunatsala kosalima, ndi kuyamba kuunga matutu. Dzuwa lisanafike pamutu manja anali atatuluka matuza. Munthu wophunzitsa ena ulimi zaka khumi ndi chimodzi! Dorika anandisiya mpaka ndinaunga asanu, kenaka anabwera, manja ali m'chiuno. "Amenewa ndi chiyani, matutu kapena pogona agalu?" Anandilanda khasu, nkuunga limodzi, udzu kuukwirira m'kati monga munkachitira inu, nkundiponyera khasu lija. Masana anabweranso atasenza mitengo ya chinangwa, nkuitula pa mapazi anga. "Maso a mbewu aziyang'ana kumwamba. Kapena kukoleji sanakuuzeni?" Nditabzala, yotsala ndinaimanga mtolo ndi chingwe changa choyezera. Ntchito imeneyo chikuigwira bwino.

Musaganize kuti zatha. Dzina la Dorika likadali pa pepala, ndipo mlangizi wina abwera mwezi uno usanathe. Ndawauza abale onse kuti akadzafika amuloze kwa ine. Ndidzanena kuti matutu onse a m'munda umenewu ndi anga, pakuti ndine ndinasalaza oyamba aja, ndipo ndine ndiyenera kuwayankhira. Kubwalo ndidzapita ndine. Dorika akuti ndisiye kudzitama, matutu okhota ngati anga palibe angawasokoneze ndi ake. Ndiye ndikuphunzira kuwongola.

Ndikuopa, amayi, sindinasinthe. Ndikuopa ndende. Ndikuopa kuti Yosefe asiya sukulu. Tikukhala m'nyumba yanu, ndipo ndaona kale kuti mzati wa kumadzulo wadyedwa ndi chiswe, ndimaugogoda m'mawa uliwonse. Anthu a pano ena akandiona amapatuka, ena amandifunsa mwachipongwe kuti njinga yapita kuti. Ali ndi chifukwa, minda yawo ndinaiyezanso. Koma chaka chino ndachiyamba ndi khasu m'manja, ndipo mlangizi uja akadzafika sindidzagwada.

Ndikulonjeza ichi: Febuluwale madzi akadzakwera, chinangwa chanu chidzakhala pamwamba. Choyamba kukumba ndidzaviika ndekha, ndipo Elube akadzamera mano adzadya cha mbewu yanu. Inunso ndili ndi pempho. Mukadzandiyendera kutulo, kapu ya alendo ija muisiye. Mubwere ndi mthiko.

Ine mwana wanu wokukondani, ngakhale ndikadali wokwiya,

Lameki