Nsungwi Zimene Ndinazamitsa pa Phiri

Nanyuki, Kenya
9 Juni 1946

Okondedwa alongo anga a Lenia,

Moni nonse ku Madzimoyo. Kodi mukudzuka bwanji, nanga mwendo wa amayi unapola? Ine ndili bwino, kungoti milomo yang'ambika ndi kuzizira.

Chitulukireni usilikali ndikugwira ntchito kwa mzungu wina woyeza madzi oundana pamwamba pa phiri la kuno. Amawatcha ayezi. Ndi madzi ndithu, koma olimba ngati thanthwe, ndipo timayendapo ndi nsapato. Musati ndayamba bodza.

Timaboola ayeziyo n'kuzikamo nsungwi, n'kupaka utoto pamene nsungwi yalekezera kulowa. Ayezi akamasungunuka nsungwi imatulukira, ndipo mzungu amayeza mbali yatulukayo kuti adziwe madzi amene phiri lataya. Kumunsi, mumtsinje, tinaimika thabwa la manambala. M'mawa madzi amalekeza m'akakolo, masana afika m'mawondo, mvula osagwa ndi dontho lomwe.

Tsono za nsungwizi ndazimvetsa mochedwa. Mu Epulo mzungu anapita ku Nairobi, nandiuza kuti ndiziziyang'anira. Nditakwera ndinapeza zonse zatulukira, zina zikugwedera. Mukudziwa mmene atate ankatikalipira akaona mzati wa khola ukugwedera. Ndinatenga chitsulo choboolera, n'kuzamitsa zonse khumi ndi ziwiri mpaka pa utoto. Ndinatsika ndikuimba nyimbo za ku mishoni ya Tamanda, mtima uli mbee.

Atabwerako anayeza, anapukuta magalasi, anayezanso. Ine n'kumufotokozera monyada. Munthu uja anangokhala pansi pa ayezi pomwepo, nati ndafafaniza ntchito ya miyezi itatu. Kenaka anaseka mpaka misozi. Komabe anati ndisankhe: kubwera kwathu tsopano wopanda kalata ya umboni wa ntchito yanga, kapena kutsala mpaka Disembala kuti tiyezenso. Popanda kalatayo ukalaliki wa ku Fort Jameson sindingauone, ndiye ndatsala.

Apa ndi pamene kuseka kwandithera, chifukwa ukwati wanga ndi Rhoda unapanganidwa kuti uchitike mu Ogasiti. Chonde pitani kwa amalume a Edmond, ankhoswe anga, mukawapemphe kuti akakambe ndi akuchikazi asunthe tsiku. Inunso muwaperekeze, poti amalume akayamba kuzungulira nkhani anthu angaganize kuti ndapeza mkazi wa ku Kenya. Rhoda mukamuuze nokha, mmene zachitikira, osandikometsera. Wandidikira zaka zinayi za nkhondo, ndipo ndikuopa kwambiri kuti miyezi inayi iyi ingamutopetse.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu a Alfonsi, kwa azakhali a ku Kasenengwa ndi kwa ana onse.

Pomuuza Rhoda mumuyang'ane kumaso. Akaseka, mundilembere tsiku lomwelo. Akapanda kuseka, mundilemberebe, kalata ya mzunguyo ndiisiya ndikwere sitima.

Tsalani ndi mtendere.

Ndine mlongo wanu wozizidwa,
Lyford