Mthunzi wa Chipinda cha Magalasi

Petrich,
Seputembala

Okondedwa alamu anga a Lyuben,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Silistra, pamodzi ndi akazi anu a Ginka ndi ana onse. Bondo lija likukuvutanibe? Ine kuno ndilipo, msana wokhawu. Koma za amuna anga, akulu anu a Kosta, ndiye zandigwiritsa cholembera.

Musadabwe kuona dzanja langa patapita zaka zonsezi. Foni ndinaiopa, chifukwa pafoni munthu amadula. Kalata mukhoza kuikwiyira, kuiponya patebulo, mawa n'kuitolanso.

Munamva kuti chaka chatha, nthawi yothyola mphesa, akulu anu anadwala sitiroko. Mbali ya kumanja inafa. Akuyendera njinga ya olumala, ndipo mawu amatuluka movutikira ngati akuwatunga m'chitsime chakuya. Koma nzeru zili zonse, ndi liuma lomwe.

Atatuluka m'chipatala anakana kukhala pena paliponse koma m'chipinda cha magalasi. Inde, chomwe chija anadulira mpesa wa bambo anu kuti achimange, inu n'kuchoka pano mutakwiya osabweranso. Sindikukumba zakale. Ndikungofuna mudziwe kuti kwa munthu wosayenda, chipinda chimenecho ndi dziko lonse. Amaona msewu, amaona phiri. Anzawo akamadutsa amagogoda pagalasi n'kuwafunsa mwanthabwala ngati tsabola ali m'katiyo wapsa kapena amutembenuze, iwo n'kumaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa.

Koma alamu, chipindacho chilibe pakati. Nthawi yachisanu munkazizira ngati m'phanga. Ndinayala makapeti awiri pansi, ndinamata mapulasitiki m'magalasi, mwana wathu Nevena anabwera kudzaika mbaula ya nkhuni pakona. Ndikasonkha moto, magalasi ankachita thukuta, madzi n'kumadonthera pa bulangete lawo. Dzuwa likangoti lituluke masana, mukutentha, ndikatsegule zenera. Mtambo ukadutsa, mukuzizira, ndikatseke. Tsiku lonse ndinali mlonda wa zenera. Mtengo wa ndimu umene unali mumphika m'menemo unayoyola masamba onse, koma munthu wanga ndinamuwolotsa chisanu wopanda ngakhale chifuwa.

Ndinkaganiza kuti zovuta zatha. Sindinadziwe kuti chilimwe ndiye mdani weniweni. Dzuwa la kuno mukulidziwa.

Ndinapaka laimu padenga, mvula imodzi inatsuka yense. Ndinamanga mphasa pamwamba, mphepo inazinyamula n'kukazisiya m'munda wa tomato wa a Sevda, oyandikana nafe. Makatani ankangosunga kutentha m'kati. Fani ndiye a Kosta amadana nayo, akuti imawaphulitsira mphepo yotentha kumaso ngati mpweya wa galu. Nevena anatumiza munthu kuti adzaike makina oziziritsa, koma bamboyo atayang'ana denga anati tikhala tikuthira madzi m'dengu.

Tsono mu Julaye zinachitika zimene sindinauze ngakhale Nevena.

Ndinapita kukatenga mankhwala awo. Ndinasiya chitseko ndi mazenera zili pululu, madzi ali pafupi ndi dzanja lamoyo lija. Kumeneko ndinapeza mzere wautali. Ndili komweko, kuno kunyumba kunabwera kamphepo, chitseko n'kudzitseka. Pobwera ndinawapeza mutu uli pachifuwa, nkhope ili psuu, milomo itauma, kapu ili pansi. Ndinawaitana, osayankha. Ndinakuwa mpaka a Sevda analumpha mpanda ndi ukalamba wawo womwe. Tinawakokera m'nyumba, tinawathira madzi, tinawakulunga nsalu zonyowa. Atatsegula maso, mawu oyamba anali ondifunsa chifukwa chimene ndawanyowetsera malaya abwino.

Ndinaseka, kenako ndinapita kukhitchini kukalira.

Adokotala analetseratu. Anati kuyambira dzuwa likakwera mpaka litapendeka, asapezekemo m'magalasimo. Choncho chilimwe chonsechi akhala m'chipinda cham'kati, mazenera otseka, kuyang'ana khoma. Alamu, munthu akutha ndikumuona. Chakudya amangolawa. Wailesi sakuifuna. Anzawo akabwera amati ndiwauze kuti agona. Kutentha kunalephera kuwapha, koma mdimawu ukuwadya pang'onopang'ono.

Sabata yatha madzulo, kutazizirako, ndinawakankhira m'magalasi muja. Anayang'ana denga nthawi yaitali. Kenako anati, “Bambo ankadziwa.”

Ndinafunsa kuti ankadziwa chiyani. Zinawatengera nthawi, koma anafotokoza. Anati mpesa uja m'chilimwe unkavala masamba n'kutiphimba, m'chisanu unkavula n'kulola dzuwa kulowa. Palibe amene ankautsegula kapena kuutseka. Anati iwo anadula chinthu chanzeru n'kumanga chopusa.

Pa zaka zonse zimene ndakhala nawo pabanja, sindinawamvepo akuvomera kulakwa ngakhale pa mchere wa mu supu.

Ndinati ngati ndi choncho tigule mbande pamsika, tidzale m'mbali mwa khoma, tiiyendetse pa mawaya pamwamba pa denga. Anapukusa mutu. Anati wa pamsika ayi. Ndinafunsa kuti nanga uti, poti wa bambo unapita. Anangotembenukira kumsewu. Dzina lanu sanalitchule, koma tonse awiri tinalimva.

Ine ndikukumbukira tsiku limene anadula mpesa lija. Mutatha kukalipirana, munawerama n'kutola nthambi zingapo pa mulu umene ankafuna kuwotcha, n'kuziika m'galimoto. A Ginka anandiuza kalekale kuti zinaphuka, ndipo lero zaphimba bwalo lanu lonse. Musawakalipire, akazi timalankhulana ngakhale amuna atasungirana mkwiyo.

Pempho langa ndi limenelo. Mukamadzadulira mpesa wanu mu Febuluwale, mutisungireko nthambi zitatu kapena zinayi.

Sindine mwana. Ndikudziwa kuti mpesa sufika padenga chaka chimodzi, ndipo sindikudziwa ngati akulu anu adzakhale pansi pa mthunzi wake. Chilimwe chikubwerachi ndidzalimbanabe ndi mphasa ndi laimu. Koma munthu amene akudikira kuti tsamba liphuke amadya, alamu. Amafunsa kuti lero ndi tsiku lanji. Chimenecho ndi chimene ndikupempha.

Mwina mukuti iwo bwanji osalemba okha. Dzanja lolembera ndi lomwe linafa lija. Ndipo ngakhale likanakhala lamoyo, inu mukuwadziwa, mukudzidziwanso nokha. Munayamwa bere limodzi.

Kalatayi sindinailembe mobisa. Ndalembera madzulo patebulo la m'magalasi momwemo, iwo ali pambali. Atandifunsa kuti ndikulembera ndani, ndinawauza zoona, ndiponso chimene ndikupempha. Ndinayembekeza kuti akalipa. Koma sanakalipe. Kenako anati:

“Umuuze asatumize pa basi. Ziuma m'njira. Abwere nazo yekha.”

Nditalemba zimenezo anandigwira mkono n'kuwonjezera kuti mubwerenso ndi khasu lanu, chifukwa lawo sabwereketsa.

Ndalemba monga ananenera. Chipinda cham'mwamba chilipo, palibe akugonamo.

Mundiperekere moni kwa a Ginka, muwauze kuti ndawasungira jamu wa nkhuyu amene amamukonda uja. Moni kwa ana ndi adzukulu amene sindinawaonepo. Mulungu akusungeni, akupatseni chisanu chofatsa ndi msewu wabwino.

Ndine mlamu wanu,
Tsvetana