Nyali ya Njinga ya Alamu Anu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno amayi ndi ana ali bwino, koma ine mtima sunakhazikike chiikireni maliro a alamu anu.

Pali zimene sindinakuuzeni pa foni. Tsiku la ngozilo alamu anu ankachokera ku Tsangano dzuwa litalowa, kuli chifunga, njinga ilibe nyali. Dalaivala wa lole ya mbatatesi imene inawagunda ankangolira kuti, "Mayi, sindinawaone." Apolisi anati lamulo limafuna nyali mdima ukangoyamba. Achimwene, nyaliyo ndinaichotsa ndine dzulo lake kuti ndiunikire mwana akudwala, ndipo ndinaiwala kubwezera.

Amayi sakudziwa. Chonde muwauze ndinu, ine pakamwa pakundilemera. Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Nangozo