Anayamba Kulemba Ndi Iyeyo

Loweruka, 7 Juni

Ndaluza. Semifainolo, gemu yachitatu. Kuluzako ndilibe nako mawu, ndaluzapo kambirimbiri pa zaka 11 zimene gemu ya nkhondo ya pa kompyuta imeneyi yakhala ikundidyetsa. Chandiwawa ndi china.

Mwambo wathu amaudziwa aliyense, ngakhale woyamba dzulo. Gemu siitha mpaka nyumba yomaliza ya mdani itagwa, koma palibe amadikira zimenezo. Ukaona kuti asilikali ako atha ndipo mudzi ukupsa, umalemba wekha kuti "mwasewera bwino", n'kutuluka. Woluza ndiye amayamba. Wowina amangoyankha. Basi.

Lero Kaliwiro, mnyamata wa timu ya majuzi ofiira uja, wayamba kulemba ndi iyeyo. Pa mphindi 19. Linga langa lakutsogolo litangogwa, ine ndikadali ndi apakavalo asanu ndi atatu, antchito makumi awiri. Pa sikirini yaikulu, holo yonse ikuona: "mwasewera bwino." Kunena kwake ndiye kuti nyamukani mayi, mwatha. Anthu anaseka. Ndinawamva, mahedifoni ali kukhutu.

Ndiye sindinatuluke. Ndinamwaza antchito m'makona onse a mapu, aliyense kukamanga kanyumba kake. Kuseri kwa nkhalango, pakachilumba, m'tsinde mwa phiri. Akagwetsa kamodzi, ine ndamanga tiwiri. Mpaka mphindi 52 akundisakasaka ngati munthu wotaya kiyi wa nyumba. Kenako anapeza komaliza.

Sindinalembe kanthu. Dzanja ndinamupatsa poti malamulo amatero. Linali thukuta lokhalokha, lakelo.

Lamlungu, 8 Juni

Foni kutentha. Nkhani ili m'kamwam'kamwa pa intaneti. Ati Chiswe wakalamba. Ati alibe ulemu. Ati anachedwetsa fainolo, owulutsa mpaka mawu anawathera. Dzina la Chiswe anandipatsa okha kalekale, poti mdani ndimamudya pang'onopang'ono, ndipo nthawi imeneyo ankalitchula mokoma. Za amene anayamba kulemba, zii. Munthu mmodzi yekha walemba kuti "komatu anayamba ndi mwanayo", anzake amukhalira pamutu.

Mkono wamanzere ukuwawa kuyambira kachala kakang'ono mpaka pachigongono. Madzi oundana m'thaulo. 

Abambo afunsa ngati ndawina. Ndati ayi. Ati, "Ndiye nthawi yonse ija umatani?" Ndatseka chitseko cha kuchipinda. Chimwalirire amayi ndikukhala nawo nyumba imodzi, koma mafunso awo sindinawazolowerebe.

Lachiwiri, 10 Juni

A manijala andiitanitsa ku ofesi ya timu. Podutsa m'chipinda choyeserera, anzanga onse maso pa sikirini ngati sandidziwa. Pampando wanga wa pawindo wina wapachikapo kale jekete.

Kampani ya zakumwa imene dzina lake lili pachifuwa pa majuzi athu yadandaula. Ati siingagwirizane ndi khalidwe lotere. Pepala anali atalemba kale. Lachisanu 10 koloko ndikhale kutsogolo kwa kamera, ndiliwerenge. Ndikakana, kontirakiti yanga, imene ikutha mwezi uno, saiwonjezera.

Ndaliwerenga ndili chiimire. "Ndinachita zachibwana." "Ndikupepesa kwa mnzanga amene anandigonjetsa mwaulemu." Mwaulemu!

Ndafunsa ngati Kaliwiro nayenso apepesa. Ati, "Chiswe, uja ali ndi zaka 19, iwe 31. Wamkulu ndani?" Ndiye kukula ndi mlandu eti. Ati a timu yake anena kuti chala chinangoterereka. Chala kuterereka n'kulemba mawu awiri athunthu, osaphonya ndi chilembo chimodzi chomwe. Zala zopita kusukulu zimenezo.

Sindipepesa. Ndalemba pano kuti mawa ndisadzaiwale.

Lachitatu, 11 Juni

Koyeserera sindinapite. Ndasewera kunyumba ndi anthu osawadziwa, magemu asanu ndi anayi, ndawina onse. Aliyense woluza analemba yekha, ine n'kuyankha. Palibe chala chinaterereka.

Maganizo onse ali pa Julayi. Timu ikandisiya, malipiro atha, dokotala wa mkono watha, maulendo a kumipikisano ndizidzionera ndekha. Mpikisano waukulu wa mu Ogasiti, wopanda timu amayambira pansi penipeni, m'chigulu cha anthu mazanamazana, limodzi ndi ana asukulu. Ndi zala izi, zimene zayamba kuchedwa. Ndikudziwa kuti zachedwa, sindikusowa wondiuza. Ndili ndi mantha. Ndalemba, palibe awerenge.

A kochi aimba foni. Ati ingowerenga mwana wanga, mawu sapha munthu. Iwo omwe aja anandiphunzitsa mwambo umenewu ndili ndi zaka 20. Tsiku lina ndinaseka mnzanga woluza asanatuluke mu gemu, anandikhazika panja sabata yathunthu. Ndawakumbutsa. Ati zinthu zinasintha. Ndati sanandiuze tsiku limene zinasinthalo.

Ndayesa ndithu kuwerenga pepala lija pagalasi la kubafa, kungoona ngati lingatuluke mkamwa. Pofika pa "zachibwana" lilime gwa.

Lachinayi, 12 Juni

Mpaka lero ndinali ndisanaionere gemu ija. Gemu iliyonse imasungidwa, ukhoza kuibwereza ukuona mapu onse, kwako ndi kwa mdani komwe. Zaka zonsezi sindinalolepo tsiku kudutsa ndisanaonere gemu imene ndaluza. Iyi ndaizemba masiku asanu.

Masana ndaitsegula. Abambo alowa ndi kapu ya tiyi, akhala pabedi panga osaitanidwa. Iwo gemuyi saidziwa, amangoti "tianthu tako". Ntchito yawo inali ya ulonda pa fakitale, zaka 30, mpaka mawondo anakana. Ndawaonetsa kuti ofiirawa ndi a Kaliwiro, obiriwirawa anga. Aonera akuseka tiantchito tanga tikuthawa ndi nkhwangwa paphewa. Kenako aloza ndi supuni kumunsi kwa sikirini. Ati, "Onsewa akusaka iwe. Nanga kwawoko watsala ndani?"

Ndaimitsa. Ndayang'ana.

Palibe. Mudzi wake pululu. Geti lotsegula, tinsanja tiwiri tokha, asilikali onse ali mbali yanga akufufuza m'tchire. Kuyambira mphindi 27 mpaka 48. Apakavalo anga asanu ndi atatu aja ali phee kuseri kwa phiri, kumene ndinawabisa kuti asafe. Mitengo ndinali nayo yokwana zida zinayi zogumulira makoma, ndinaithera pa tinyumba. Ndabwereza katatu. Ulendo wa mphindi ziwiri. Kupha antchito ake onse, kugumula likulu lake. Akanabwerera n'kupeza phulusa, ine ndili ndi antchito, iye alibe ndi mmodzi yemwe. Gemu inali yanga. Fainolo inali yanga.

Sindinatumize kazitape ngakhale mmodzi. Ine, amene ndimakalipira anzanga a m'timu tsiku ndi tsiku kuti muziyang'ana kwa mdani. Mtima wonse unali pa kumuzunza. Mphindi 21 khomo lili yasa, ine kalikiliki kubisa tinyumba.

Abambo ati, "Ndalakwa kufunsa?" Ndati ayi. Atenga kapu yawo n'kutuluka mwakachetechete, zomwe sachita. Ndalira, osati pang'ono.

Lachisanu, 13 Juni

Ndinapita. Juzi yochapa, tsitsi lopesa. A manijala mano mbee. Kamera, nyale ziwiri, pepala lija analimata m'munsi mwa kamera kuti ndizioneka ngati ndikunena za mumtima. Anasankha okha kuti ziulutsidwe pompopompo, ati anthu akhulupirire.

Ndinapepesa. Ndinati pepani nonse amene munaonera, ndinakuonetsani gemu yosayenera ine. Ndinati munthu akakulembera mawu aja gemu isanathe, yankho lake ndi kumugonjetsa, ndipo mpata unalipo, mphindi 21 mudzi wake wopanda woulondera, ine osauona chifukwa cha kupsa mtima. Chimenecho ndiye ndikuchita nacho manyazi. Zoti sindinatuluke, ayi. Wina akadzayambanso kulemba mawa, sindidzatulukanso.

Kanyale kofiira ka kamera kanazima ndisanatseke pakamwa. A manijala ati, "Wadziwotcha wekha." Ndati ndamva, bwana.

Kiyibodi, mausi, kapilo ka mkono, kapu. Zaka 11 zakwana m'chikwama chimodzi, malo n'kutsalako. Anzanga maso pa sikirini. A kochi anandiperekeza mpaka pageti, kenako ati, "Mphindi 27 ija nanenso sindinaione." Sanandiuze kuti ndachita bwino, sanandiuze kuti ndalakwa.

M'basi chikwama pamiyendo njira yonse.

Lachinayi, 26 Juni

Kalata inabwera sabata yatha, mizere itatu. Andithokoza chifukwa cha zaka zonse. Chithunzi changa achichotsa kale pa tsamba la timu. Ndinalembera matimu ena awiri. Ina yati tiona, ina zii. Zikuwawa, ndisaname. M'mawa ndimadzuka 7 koloko, thupi likufuna kupita koyeserera, kopita kulibe. Ndimasesa pabalaza posesedwa kale.

Kaliwiro sanapepese, ndipo palibe wamufunsa. Dzulo ndamuona pa chikwangwani cha mahedifoni, akumwetulira.

Mkono wayamba kumvako bwino.

Ndalembetsa mpikisano wa mu Ogasiti, khomo la aliyense. Anthu 412. Kuti ndikafike kumene kuli a matimu ndiyenera kuwina maulendo asanu ndi umodzi motsatizana, osaphonya ndi kamodzi komwe. Ife apansife timayambiratu mu Juni, woyamba ndi lero 3 koloko. Wandigwera ndi munthu wodzitcha Katswiri Weniweni, sindikumudziwa. Wanditumizira kale uthenga. Ati wakhala akundionera kuyambira ali ku pulayimale, ndimuchitireko chifundo. Ndamuyankha kuti chifundo ndilibe, abwere ndi zonse zimene ali nazo.

Abambo akokera mpando pafupi. Ndawauza kuti akangoyankhula atuluka. Ati angoonera basi.

Pa sikirini, kutsogolo kwa dzina langa, pamene pankakhala dzina la timu, palibe kanthu. Chiswe basi. Sizikuoneka moipa. Zala zazizira, ndikuopa mwana wasukulu, ine. Palibe kanthu, ndisewera nazo zozizira zomwezo. Kompyuta yayamba kuwerenga kuti gemu iyambe, khumi, zisanu ndi zinayi,