Jeke Watsopano ndi Njerwa za a Alwyn

Lolemba, 6 Meyi

Ndavundukula kalavani, kanyumba kathu kokoka ndi galimoto. Ndere padenga, akangaude m'firiji, koma m'kati mouma bwinobwino. Matayala a chaka chatha, akadali ndi mano.

Tikunyamuka pa 24. Ndaimba kale kufamu ya ku Aberdaron, malo athu a pafupi ndi mpanda alipo. Sabata imodzi.

Carys wakwiya. "Amayi, adadi angodwala sitiroko Novembala yemweyu, inu mukufuna mukawagoneke m'munda wa nkhosa? Gulitsani chinthucho." Ndamuuza kuti bambo ake chinafooka ndi dzanja lamanzere, munthuyo alipo yense. Miyezi isanu ndi umodzi ali pampando wa pawindo, kuwerenga magalimoto odutsa. Zakwana.

Kukoka kalavani si nkhani. Zaka 22 ndikuyendetsa basi ya ana asukulu m'timisewu ta m'mapiri a kuno ku Ruthin. Chimene sindinagwirepo ndi za pansi: kukweza, kusintha tayala, kuyimika kuti isapendekeke. Imeneyo inali ntchito ya amuna anga, a Alwyn. Ine ndinkangotereka ketulo.

Ndatulutsa zida zawo m'bokosi lakutsogolo. Jeke wa galimoto imene tinagulitsa Carys ali ku pulaimale, dzimbiri lokhalokha. Njerwa zisanu ndi imodzi, ziwiri zong'aluka. Matabwa owola. Zaka zonsezi tinkagona pamwamba pa zimenezi!

Lachitatu, 8 Meyi

Kushopu ya makalavani. Makaniko wake ndi mkazi, Nerys, girisi mpaka m'zigongono, sazungulira polankhula. Funso loyamba: "Ikadzaza imalemera bwanji?" Akuti zinalembedwa pakachitsulo pafupi ndi chitseko. Ndadutsapo zaka khumi ndi zitatu osakaona.

Wandiyalira majeke atatu. Wonga botolo: wamphamvu, wotchipa, koma wamtali, kamutu kake kakang'ono ngati ndalama yachitsulo, kosachedwa kuterereka. Wamagudumu, ngati a m'galaja: wabwino pasimenti, koma ndaunyamula msana wandiyankha pomwepo, ndiye akuti pa udzu timagudumuto timangomira. Wachitatu ndi wopangira makalavani. Amamanga chitsulo pachasisi, zitsulo zonyamula kalavani pansi pake, kuseri kwa tayala mbali iliyonse, jekeyo amalowa m'menemo ngati kiyi m'loko. Sangasunthe, ndipo sulowa pansi pofuna kumuyika.

Ndinati a kwathu amakwezera pamiyendo inayi ya m'makona ija. Nerys kugwira m'mutu. "Mayi, imeneyo si yonyamulira, ndi yoti isamagwedezeke basi. Mukakwezera pamenepo mumapinda pansi pa kalavani, mapeto ake chitseko chimasiya kutsekeka." Chathu timachita kuchimenya ndi phewa kuyambira kalekale. A Alwyn amati ndi chinyezi.

Za njerwa anangoti, "Thabwa limayamba lalira. Njerwa imangoti phwa."

Sanafune kundigulitsa kanthu lero. Akuti ndiyambe ndakaphwetsa tayala limodzi, ndiyeze mpata wotsala pansi, chifukwa jeke amafunika tayala litaphwa, osati lili lokhuta. Mtsikana ameneyu ndamukonda.

Lachinayi, 9 Meyi

Makilogalamu 1,350. Tayala litaphwa, mpata masentimita 15.

Idris wa nyumba yoyandikana wandiona nditagwada ndi tepi, wabwera ndi jeke wake wa botolo. "Matani asanu ameneyu, Gwenda, angakweze ndi tchalitchi chomwe. Tenga ulere, usakatayire ndalama anthu a m'shopu." Ndamuyeza jekeyo iye akuona. Masentimita 19. Ndati akakweze tchalitchicho, pansi pa kalavani yanga salowa. Wabwerera naye akung'ung'udza kuti akazi a masiku ano.

Kupopa tayala lija ndi pampu ya phazi, thukuta kamukamu. A Alwyn pawindo, akundionerera.

Loweruka, 11 Meyi

Ndagula. Jeke wa m'chasisi, wa matani awiri. Chogwiriziza chachitsulo cha miyendo itatu, choti kalavani ikhalepo jeke akaphonya. Chokwerapo tayala chapulasitiki cha masitepe atatu, cholinganizira kalavani pamalo otsetsereka. Zotchingira matayala ziwiri. Timbale tinayi toyika pansi pa miyendo ya m'makona. Sipanala yaitali imene imati kha bawuti likalimba pamlingo wake.

Zadula kuposa sabata yonse ya kufamu. Makatani atsopano a pabalaza adikire chaka chamawa, safa munthu ndi makatani.

Ndaziyala pakapeti kuti a Alwyn aone. Anaziyang'ana ngati ndabweretsa mwamuna wina m'nyumba. "Zaka makumi atatu njerwa zanga zinapha ndani?" Mawu amatulukabe molemera, koma mwano wokha sunadwale.

Lachitatu, 15 Meyi

Nerys anamanga zitsulo zija dzulo. Lero kuyeserera pakhomo.

Ndalemba pakatoni, ndamata m'bokosi lakutsogolo. Kalavani ikhale yokoleka kugalimoto. Mahandibuleki onse awiri. Munthu asakhale m'kati. Tchinga tayala la mbali inayo, kutsogolo ndi kumbuyo. Thabwa pansi pa jeke. Masula mabawuti pang'ono tayala likadali pansi. Kweza. Chogwiriziza. Dzanja, mwendo, mutu, zisalowe pansi.

Kulemba ndalemba ndekha, koma ulendo woyamba ndakweza ndisanamasule mabawuti. Ine kukankha sipanala, kalavani yonse kugwedezeka. Ndamva phokoso kumbuyo kwanga, ndimayesa akutsamwa. A Alwyn atsegula windo, akuseka mpaka misozi. "Adalaivala a basi! Tsitsani muyambirenso!" Chiwadwalire sindinawamve akuseka chonchi. Ndikanatha kulakwitsa dala kachiwiri.

Ulendo wachitatu, mphindi 25 kuchotsa ndi kubwezera. Bondo lakumanja likudandaula. Ndiwonjezere kamkeka kogwadira.

Lamlungu, 19 Meyi

Ndalakwa. Lachisanu ndinakataya njerwa, matabwa ndi jeke wakale uja kudzala la khonsolo osawauza a Alwyn. Lero anatuluka ndi ndodo yawo mpaka pakalavani, kutsegula bokosi, kupeza zanga zokhazokha. Kenako kulira, kwenikweni, mapewa kugwedezeka. Dokotala anatiuza kuti matendawa amafewetsa misozi, koma izi sizinali za matenda.

"Ndiye ine ndikupitirako chiyani? Katundu?"

Nyama ya mwana wa nkhosa inapserera mu uvuni.

Madzulo ndapita kushedi, ndatenga levulo ya bambo awo, yathabwa ija ya mkuwa m'mbali, ya kathovu koonetsa ngati chinthu chapendekeka. Ndawauza zoona zokhazokha: sindingakhale pachiwongolero n'kumaonanso kathovu. Pakufunika munthu wa maso. Ayitembenuza, ayipukuta pathalauza. "Yapulasitiki ya m'shopu sunagule?" Ndati ayi. Ilipo, ndayibisa m'dirowa ya masipuni.

Lachisanu, 24 Meyi

Tafika. Maola atatu, kuima kawiri. Galimoto yakoka ngati palibe kanthu kumbuyo.

Malo athu ndi otsetsereka kuposa m'mene ndimakumbukira, mbali ya kunyanja yotsika. Kale tinkangoseka, mazira ankathawira mbali imodzi ya chiwaya. Chaka chino ayi. Bedi likapendekekera kumanzere, a Alwyn sangadzuke okha, dzanja lokankhira kulibe. Firiji ya gasi nayo imafuna poyima bwino.

Chokwerapo patsogolo pa tayala lotsika. Iwo pachitseko, levulo itagona chopingasa pansi. Ine giya yoyamba, pang'onopang'ono. "Bwera! Bwera! Pang'ononso! Ima, iwe, wapitirira!" Kubwerera, kuyambiranso. Sitepe yachiwiri, kathovu pakati. Handibuleki, zotchingira, kenako kumasula galimoto. Kutsogolo ndi kumbuyo ndalinganiza ndi kagudumu kakutsogolo, iwo akukuwabe ngati kapitawo. Miyendo ya m'makona pomalizira, patimbale take, kungokhudza basi.

Azibambo awiri a makalavani oyandikana anaima ndi makapu awo, kudikira kuti ndiwapemphe. Tiyi anawazizirira m'manja. Mmodzi anati, "Mwaphunzitsa bwino, bwana." A Alwyn osatsutsa n'komwe: "Amamva msanga." Ndawasiya.

Nsomba ndi chipisi kumudzi, tadyera m'mapepala pakhomo pa kalavani. Amaliza zonse, ndi zanga zina.

Lamlungu, 26 Meyi

Mvula kuyambira dzulo masana. Makadi, wailesi, tiyi. Adzuka okha pabedi masiku onse awiri. Carys waimba kanayi.

Lachiwiri, 28 Meyi

Dzulo sindinathe kugwira cholembera.

Dzulolo m'mawa titadzuka, kapu kutsetsereka patebulo. Tayala la mbali ya kumtunda laphwa, msomali wa mpanda uli nga. Sindinade nkhawa, mwinanso ndinakondwa. Nanga si ndinayeserera.

Zonse monga pakatoni. Miyendo m'mwamba, kukoleka galimoto, kutsika pachokwerapo, kukokera pamalo osalala pafupi ndi geti. Mahandibuleki, zotchingira. A Alwyn panja pampando wopinda, chipewa pamiyendo, ntchito yawo kusunga mabawuti. Thabwa, jeke, kukweza. Chogwiriziza ndinachikhazika pathabwa lake lalikulu, n'kuchikankhira pansi pa ekiselo, chitsulo chogwira matayala, ndi ndodo yawo. Ndinatsala pang'ono kuchisiya, poti ndi ntchito ya mphindi zisanu. Ndinatsala pang'ono.

Tayala lachoka. Ndatembenuka kukagubuduza lapadera. Mapazi asanu okha.

Bawuti limodzi linagwa m'chipewa n'kugubudukira pansi pa kalavani. Pocheuka ndinaona mpando uli wokha. Iwo chogona cham'mbali m'matope, dzanja lamanja lalowa pansi mpaka paphewa. Dzanja labwinolo. Lokhalo.

Dothi linali litamwa madzi masiku awiri. Thabwa la pansi pa jeke, laling'ono lija la pakhomo, linamira mbali imodzi ine ndikuona ndi maso angawa. Jeke kupendekeka. Kalavani kutsika, gu! Mbale kulira m'kati.

Inatsika zala ziwiri zokha, n'kukhala pachogwiriziza. Chinagwira.

Ndinawakoka ndi lamba wa thalauza ngati thumba la mbatata. Mawu amene ndinawanenera sindingawalembe, famu yonse inamva. Zaka 41 za ukwati sindinawatukwanepo. Iwo chagada pa udzu, matope mpaka m'khutu, kutambasula chikhatho. "Ndalipeza."

Sindikudziwa ngati ndinaseka kapena ndinalira. Ndinakhala pansi pomwepo.

Mwini famu, a Bebb, anabwera ndi chithabwa chachikulu cha pakhola. Tinawadzutsa a Alwyn tonse awiri. Anafuna kundimalizira ntchitoyo, ndinakana. Ndinakwezanso ndekha, kumanga mabawuti modumphitsa, kutsitsa, sipanala kha, kha, kasanu. Kubwerera pamalo athu, kulinganizanso.

Cholakwa ndi changa. Jeke analibe mlandu. Thabwa la pasimenti si la padothi lonyowa, ndinayenera kuponda kaye ndi chidendene. Ndawonjezera pakatoni. Chithabwa chija a Bebb andipatsa.

Lachitatu, 29 Meyi

Dzuwa. Tayala analimata kugalaja ya ku Pwllheli, ndilo lapadera tsopano.

Lero m'mawa ndikuwameta ndevu a Alwyn anangoti, "Njerwa ikanasweka." Ndinapitiriza kumeta. Kenako: "Carys usamuuze."

Ndamuuza. Si mwana, ndipo ndi bambo ake. Analira, kenako kukalipa, kenako kufunsa ngati akudya. Akuti Lachisanu tibwerere molunjika, atidikira pakhomo, Loweruka tikhale pansi tikambirane za kalavaniyi ngati anthu akuluakulu. Wapeza kale munthu wa ku Mold woyifuna.

Masana a Alwyn anayenda mpaka kugeti la kumunsi ndi kubwerako, ndodo yokha, osandigwira. Kunyumba safika ndi pa bokosi la makalata.

Lachisanu, 31 Meyi

Pambali pa msewu, kungodutsa Porthmadog. Nerys anati ndikayenda mamailosi makumi atatu ndiime ndiyesenso mabawuti. Onse asanu kha, palibe lasuntha. Ndatereka tiyi, ndikulembera pabondo.

Kutsogoloku msewu ukugawikana. Wina wakwathu. Wina wotsika kummwera, gombe lonse mpaka ku St Davids, kumene takhala tikunena zaka ndi zaka kuti tidzapita.

A Alwyn atulutsa kabokosi ka mankhwala, awerenga ndi chala, kawiri. "Ndatsala ndi a masiku naini." Ndati ndiye? "Ndiye palibe. Ndangonena."

Gasi alipo. Zovala n'zochapa. Kufamu ina ya ku Pembrokeshire, kufupi ndi St Davids, ayankha foni ulendo woyamba, malo alipo, koma akuti munda wake ndi wotsetsereka kwambiri, ambiri amadandaula. Ndati zimenezo atisiyire.

Carys ndimuimbira tikafika, akayamba kukalipa ndidzapatsira bambo ake. Ndiyenera kumuuza kuti munthu wa ku Mold uja akafunefune kwina.

A Alwyn alowa kale m'galimoto. Akuliza hutala.