Jekete Lanu Ndalibisa

Bambo a Tithokoze,

Musandifunefune, sindinathawe banja, ngakhale zifukwa zilipo. Ndatenga njinga yanu, ndapita ku Bangula. Mayi a Elisha andiuza kuti lero kutchalitchi akulembanso mayina a olandira chimanga, nyemba ndi mafuta ophikira, ndipo atseka dzuwa likafika paliwombo.

Ulendo watha uja munapitako ndinu, mutavala jekete la paukwati ndi tayi, n'kukawauza kuti kwathu kulibe vuto. Anakuyesani bwana wa kufakitale ya shuga, basi anatidumpha. Kuyambira pamenepo tikungodya nyika, mizu ija yokumba kudambo, ndipo nkhope yanu yasanduka ya ng'ona. Dzulo munakalipira mbuzi ati ikutafuna mokweza! Azaumoyo akuti sanakulodzeni ayi, vuto ndi m'mimba: munthu wosalawa ndiwo amakhala wa mtima wapachala.

Mumphika muli nyika zinayi. Ziwiri n'za mwana, musadzanamizire mbuzi. Chiphaso chanu cha unzika ndili nacho. Jekete ndalibisa, pepani, mudzaliona tsiku limene mudzasekenso.

Mukafuna kunditsatira, mubwere ndi nkhope muli nayoyo. Akangoiona atipatsa matumba awiri.

Ndine wanu wopirira uja,
Jesinta