Mkazi Mnzanga wa Miyendo Inayi

Limbe,
14 Novembala 1977

Okondedwa achemwali a Zipora,

Ndikhulupirira muli bwino ku Nathenjeko pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi ku Mitundu, mwendo uja ukuwalola kupita kudimba? Ine ndiliko, kungoti thupi lalemera, mwezi wamawa ndi wanga.

Achemwali, musaseke, ine kuno ndili pamitala. Mkazi mnzanga ndi Tilekeni, galu uja alamu anu a Efulemu ankasaka naye ku Dzalanyama, amene adakakamira kubwera naye kuti aziwathandiza ulonda pasitolo.

Sabata yatha Amwenye anali ndi chikondwerero chawo cha nyali. Dzuwa litangolowa anayamba kuphulitsa makombola, msewu wonse utsi okhaokha, malata akuchita kunjenjemera. Ine ndinkayesa yayambika nkhondo. Mwana m'mimbamu anayamba kugudubuka, ndinangokhala pansi pakhomo n'kumaitana alamu anu.

Anabweradi chothamanga, koma anangondidumpha miyendo n'kulowa m'nyumba. Galu anali atabisala kunsi kwa bedi, atadzikodzera ndi mantha. Anamutulutsa momunyengerera ngati khanda, n'kumufunditsa chitenje chija munandipatsa paukwati. Nditawauza kuti inenso ndikuopa, anati ine ndine munthu, ndikudziwa kuti n'zamasewera, nanga galu amuuza ndani.

Kunena zoona galuyo anavutika. Anakana kudya, chitseko chikangomenyeka iye wathawira kale kuseri kwa thumba la makala. Koma taonani, alamu anu ankamuphikira phala lothira mkaka n'kumamudyetsa ndi dzanja! Ine chikwatiwire sindinalawepo ngakhale tiyi wochokera m'manja mwawo. Nsanje yandigwira, ndipo sindikuchita nayo manyazi.

Ndinawapempha kuti andiperekeze kumudzi ndikachirire kwa amayi, poti ndi mimba yoyamba. Anati sangachoke, chifukwa pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano ana adzaphulitsanso makombola, ndiye Tilekeni angadzathawire kunjanji sitima n'kumuponda. Za ine, akuti chipatala kunonso chilipo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chonde uzani achimwene a Gilibati abwere adzanditenge mwezi uno usanathe, basi sindingakwere ndekha mmene ndililimu. Asaiwale khadi la chipani, padepoti akumafunsa.

Mundiperekere moni kwa amayi, amalume a Yona, azakhali a Martina, alamu ndi ana onse. Amayi musawauze za galuzi, angandiseke.

Komanso achemwali, mwana akadzabadwa pasadzapezeke wolembera kalata alamu anu. Ndikufuna ndione ngati adzafunse okha.

Ndine mng'ono wanu,
Enelesi